Masau a m'Mbale ya Juwana

Rozina mwanangu,

Ndakhala pakhonde lakuseri pomwe dzuwa silifika, ndipo mapepala awa ndang'amba m'kope lako lakale, usadzandifunse. Iwe wapita kukalukitsa tsitsi kuti ukafike ku koleji ngati mwana wa nduna. Lukitsa ndithu, mutu unatengera bambo akowo umafuna thandizo. Mawa m'mawa minibasi ikunyamula kupita kumtunda, ndipo ndikudzidziwa ine, pasiteji ndidzangoti "uzikadya mokwanira" basi, zina zonse sindidzazinena. N'chifukwa chake ndikulemba. Kalatayi uipeza pamwamba pa chikwama chako. Uwerenge lero lomwe, usadikire kukawerengera m'minibasi.

Ndikulemba chifukwa cha zimene ndaona m'mawa uno. Eliza, mwana wa malemu Juwana, mnzako amene mwakulira limodzi, anabwera kudzatsanzikana nawe. Ine ndinali kukhitchini ndikupeta mapira. Anaima pakhomo nati, "Odi kuno!" Iwe unali m'chipinda, ndinakuona pazenera utakhala pamphasa foni ili m'manja. Anabwereza odi. Iwe zii, ngakhale kupuma unaleka. Ndinatuluka ndine, lichero lili m'manja. Mwana uja anayang'ana masilipasi ako pakhomo, kenako anayang'ana ine, nati, "Palibe kanthu amayi, mumuuze kuti ndinabwera." Anatembenuka n'kumapita osacheuka.

Nditakufunsa unati, "Ndinamulembera uthenga kumuuza tsiku lonyamuka, anawerenga, sanayankhe. Ndi kaduka amayi, poti iye sanasankhidwe. Nambala yake ndafufuta. Ndipo anali atatopa nane kalekale. Aliyense amatopa nane."

Mawu omalizawo, Rozina, ndi anga. Ndinawalankhula ine iwe usanabadwe, ndipo lero ndawamva akutuluka m'kamwa mwako. Ndinabwerera kukhitchini, koma mapira aja sindinawapetenso.

Ukudziwa kuti ndimadwala. Umandiona ndikumwa timapiritsi tija, ndipo nthawi zina umandiperekeza kuchipatala cha kuboma. Adokotala amati ndi matenda okhumudwa, ndipo anesi ena anandiuza kuti palinso china chimene chimachititsa kuti mtima wanga uzitembenukira anthu mwadzidzidzi. Anatchula dzina lalitali lachingerezi, ndinaliiwala ndisanatuluke pageti. Ine ndimangomutcha Wabodza. Anthu amayesa kuti matendawa ndi kulira ndi kugona masana. Zimenezo zilipo, koma n'zazing'ono. Chachikulu n'chakuti amakunamiza za anthu amene amakukonda. Ndipo sabwera ndi mawu achilendo ayi, amalankhula ndi mawu ako omwe, m'mutu mwako momwe, umboni uli m'manja. Sindine dokotala, sindinganene kuti nawe uli nawo. Koma ndamva mmene walankhulira lero, ndipo ndikuchita mantha.

Ndiyambe ndi bambo ako. Titangokwatirana, anapeza ntchito yodula nzimbe ku esiteti. Ankabwera mwezi ukatha, wakuda ndi mwaye ngati mphika, manja atachita matuza. Ankasamba, kudya, n'kugona chagada pamphasa osanena zambiri. Munthu wina aliyense akanaona mwamuna wotopa. Ine ndinkaona mwamuna amene wapeza mkazi wina. Wabodza ankati, taona, sanakufunse n'komwe kuti waswera bwanji, ndiwo sanaziyamikire, watembenukira kukhoma kuti asaone nkhope yako. Ndiye ndinkawadzutsa n'kuwafunsa dzina la mkaziyo. Akati palibe, ndinkati mukunama. Akakhala chete, ndinkati mwavomera. Panalibe yankho limene likanandikhutiritsa, ndipo zimenezi uzisunge: ukaona kuti chilichonse chimene munthu angachite chikungotsimikiza kuti amakuda, dziwa kuti amene akuweruza mlanduwo si iwe.

Ndinkawayesanso, mayo ine, ndinkawayesa! Ndinkamanga mtolo wa zovala n'kupita kwathu, osati chifukwa ndinkafuna kuchoka, koma kuti ndione ngati anditsatire. Ankanditsatira pa njinga, dzuwa la kuno likuwotcha mpaka phula kusungunuka. Akafika, thukuta lili kamukamu, ndinkawaona ngati mngelo, ndinkalira n'kuwagwira miyendo. Pasanathe sabata anali satana kachiwiri. Ankhoswe anatopa nafe mpaka ankabisala akationa. Bambo ako sanandisiye, ndipo pa chimenecho ndidzawalemekeza mpaka kumanda. Koma wawaona mmene amalowera m'nyumba muno, amayamba ayang'ana nkhope yanga asanakhale pansi. Anali munthu wanthabwala, Rozina, ankaseketsa anthu ndi pamaliro pomwe. Munthu ameneyo iwe sunamuone, anatha usanakule. Usamayese anthu, mwanangu. Amene amakukonda amapirira mayeso, koma nthawi iliyonse amabwerako atachepa.

Tsopano za Juwana. Nkhaniyi umaidziwa mwa apo ndi apo, monga amainenera anthu pamjigo. Lero uimve kwa mwini wake.

Juwana anabwera kuno kuchokera kutsidya kwa malire ali kamtsikana, nthawi ya nkhondo, ndipo anakwatiwa kuseri kwa mjigo komwe kukukhala Eliza ndi amayi ake aakulu, a Marita. Ine ndinali mlendo m'mudzi wa amuna anga, wopanda wocheza naye. Tinakumana kudimba, minda yathu inali yoyandikana. Anali wamfupi, wamawu akulu, akaseka mbalame zinkauluka m'mapira. Tsiku lina anabwera kunyumba ndi mbale yachitsulo ya maluwa ofiira, yokhala ndi chivindikiro chake, imene anakagula kumsika wa kutsidya. M'katimo munali mbatata zophika. Anati, "Kuyambira lero ndiwe shamwali wanga. Mbale iyi iziyenda."

Ana a masiku ano ushamwali mumauyesa kutumizirana zithunzi pafoni. Wathu unali ndi lamulo. Mbale ija inkachoka kwanga ndi kanthu, inkabwerera ndi kanthu. Ndikaphika thendo, ndinkamupatulira. Mwamuna wake akagwira milamba, mbale inkabwera yolemera. Sinkaloledwa kubwerera yopanda kanthu, ndipo sinkaloledwa kugonera masiku ambiri nyumba imodzi, chifukwa kutero kunali ngati kunena kuti ubale watha. Mudzi wonse unkaidziwa mbale imeneyo. Pamene ndinkabereka iwe, amene anandigwira msana ndi Juwana. Pamene iye ankabereka Eliza, ndinali ine.

Ndinamukonda moposa muyezo, ndipo kumeneko kunalinso kudwala, ngakhale sindinkadziwa. Sindinkafuna kuti akhale ndi mnzake wina. Akacheza ndi amayi ena kutchalitchi, ndinkabwera kunyumba mtima ukuwawa ngati andimenya. Ndinkamufunsa kawirikawiri kuti, "Shamwali, sunatope nane?" Iye ankaseka nati, "Iwe, ndikatope nawe ngati ndakusenza pamutu?" Ndinkakhuta ndi yankho limenelo tsiku limodzi lokha, mawa lake njala inkayambiranso. Usamaunjike moyo wako wonse pa munthu mmodzi, Rozina. Sangathe kuunyamula, ndipo tsiku limene adzapunthwe udzati wachita dala.

Kenako kunabwera chaka chija madzi anasefukira n'kukokolola madimba onse. Iwe unali wamng'ono, sungakumbukire. Madzi ataphwa kunatsala mchenga wokhawokha pomwe panali chimanga. Njala inalowa m'mudzi. Azimayi a m'mudzi ankalawirira kudambo kukazula nyika, timizu towawa tija ta m'madzi, ng'ona zili momwemo. Kwathu kunali bwinoko chifukwa bambo ako ankatumiza thumba la ufa kuchokera ku esiteti. Koma ine nthawi imeneyo mdima unali utandigwira kwambiri. Ndinkakhala m'nyumba tsiku lonse, osasesa, osasamba. Za njala ya anzanga ndinkazimva ngati nkhani za dziko lina. Matendawa amakutsekera m'kachipinda kopanda zenera, umangodziona wekha ndi ululu wako.

Tsiku lina ndinadzikakamiza. Ndinathira ufa m'mbale ija, pamwamba ndinaikapo tinsomba touma ta makakana, n'kukamusiyira. Anaombera m'manja nati, "Takhuta, shamwali, takhuta," misozi ili m'maso. Ndinabwerera kunyumba ndikudikira. Masiku anapita mbale osabwera. Wabodza anayamba: waona, walandira zako, wakuiwala. Kenako m'mawa wina ndinaipeza pakhonde, yotsukidwa bwino, yovindikira. Sanagogode n'komwe. Nditavundukula ndinapeza masau ouma odzaza dzanja limodzi, okwinyikakwinyika, ena ali ndi dothi.

Masau, Rozina! Zipatso zotola pansi, zimene ana amagendana nazo, zimene mbuzi zimadya pansi pa mtengo. Munthu wamutu wabwino akanadzifunsa kuti, kodi kwa Juwana kwatsala chiyani kuti afike potumiza masau? Funso limenelo silinandifike n'komwe. Chimene ndinamva ndi ichi: wakuuza mtengo wako, ndiwe wa masau, ndiwe mbuzi, ndipo wabwera mobisala chifukwa sakufuna kuona nkhope yako. Sindinakayike ngakhale pang'ono. Ndinali wotsimikiza monga ndikutsimikizira kuti dzina lako ndi Rozina. Uziope kutsimikiza kotereko, kumene kumabwera msanga ndi kutentha pachifuwa.

Ndinadikira nthawi imene ankadutsa kuchokera kumjigo. Nditamuona akubwera ndowa ili pamutu, ndinatuluka ndi mbale ija, ndinaitana mbuzi zathu, n'kukhuthulira masau onse pansi, m'mphepete mwa njira. Mbuzi zinathamangira. Juwana anaima. Madzi anatayikira paphewa pake. Anayang'ana mbuzi zikudya, kenako anapitiriza ulendo pang'onopang'ono. Ine ndinalowa m'nyumba ndikumva ngati ndapambana mlandu. Mbale ija ndinaiponya kudenga, paphaso.

Ndinachitanso china chopusa. Mayi wina anandiuza kuti kufooka kwangaku si kwabwino, ndikaombeze. Ndinapita kwa sing'anga wina kutsidya. Anandiyang'ana nati, "Amene akukuchita zimenezi ndi munthu wapafupi, mumadyera mbale imodzi." Ha! Mawu amenewo amauza aliyense, chifukwa ndani alibe munthu wodya naye? Koma ine ndinabwerako ndikuti zaululika. Wabodza anali atapeza mboni. Kutchalitchi nako ena ankati ndi ziwanda, ndisale kudya. Palibe amene anati, pita ukamufunse mnzakoyo. Ukakhala m'mavuto kumeneko, uthawe aliyense amene akukuthandiza kuloza chala munthu. Ufune amene angakufunse kuti, kodi wayankhula naye?

Ndinasintha mjigo, ndinkakatunga wakutali. Kutchalitchi ndinasintha benchi. Tikakumana panjira ndinkayang'ana kumbali. Komabe Juwana anabwera. Kunali masana ngati ano. Ndinamva mapazi pabwalo, kenako mawu aja, koma atachepa mphamvu: "Odi, shamwali." Ndinali pamphasa, iwe uli pamiyendo panga. Unafuna kuitana, poti unkamukonda, ndipo ndinakutseka pakamwa ndi dzanja ili ndikulemberali. Anati, "Shamwali, ndikudziwa ulimo. Ngati ndalakwa undiuze." Mtima wina unkafuna kuthamanga kukamukumbatira. Wabodza anati, musiye apirire, ngati amakukondadi abweranso mawa. Anakhala pakhonde kanthawi, ndinkamva akutsokomola. Kenako anati, "Basi, ndapita," mapazi n'kumazilala.

Sanabwerenso. Madzi a kudambo aja anamudwalitsa m'mimba, ndipo thupi lanjala silinathe kulimbana nawo. A Marita anabwera kudzandiuza kuti, "Shamwali wanu wagona, akukuitanani." Ukudziwa chimene ndinaganiza? Ndinati, tsopano akufuna phala ndiye wandikumbukira. Ndinawayankha kuti ndibwera madzulo. Sindinapite. M'mawa mwake ndinamva kulira kuseri kwa mjigo.

Ndinathamanga wopanda mpango kumutu. Nditafika pakhomo paja, pakamwa panga panatuluka "odi," ngati chitsiru, anthu ali kale m'kati akulira. Titaika maliro, a Marita anandikokera kuseri kwa nyumba. Sanandikalipire, bola akanandimenya. Analankhula mofatsa, akusakaniza ndi Chisena chawo. Anati, "Mayi a Rozina, m'nyumba muno munali nkhabe chinthu, munalibe kalikonse. Ufa wanu uja ndi umene unasunga ana. Mbale yanu inkamusowetsa tulo, ankati ikagonera kuno shamwali ayesa ndamutaya. Masau aja anakatola kutali, poti apafupi anthu anali atatha. Anali chakudya chathu cha tsiku limenelo. Eliza analira ndi njala mpaka kugona, koma mayi ake anati mwana adya mawa, mbale ipite. Anaisiya pakhonde mobisa chifukwa cha manyazi."

Ndinafunsa kuti, nanga za mbuzi zija ananena chiyani? A Marita anati, "Anatula ndowa, anakhala pansi, nati, kapena anali ofumbwa, ndikanasankha bwino."

Wamva, mwanangu? Anadziimba mlandu yekha. Nthawi yonse imene ine ndinkamuweruza m'mutu mwanga, iye ankafufuza pamene analakwa. Munthu amene ndinkati watopa nane anamana mwana wake chakudya kuti ine ndisadzimve wotayidwa.

Pambuyo pa maliro Wabodza anatembenuka, ndipo ichi uchidziwenso, chifukwa ali ndi nkhope ziwiri. Analeka kunena kuti anthu ndi oipa, anayamba kunena kuti woipa ndine. Ankati ndiwe katundu, amuna ako apumule, mwana wako akula bwino ukachoka. Bambo ako akandibweretsera nsalu, ndinkati akundimvera chisoni chabe. Iwe ukandisekerera, ndinkati ukanadziwa mayi ako sukanaseka. Chikondi chinkafika pakhomo koma sichinkalowa. Tsiku lina ndinatsikira kumtsinje wopanda ndowa, wopanda zochapa. Mayi wina amene sindinkamudziwa n'komwe ankachapa chapafupi. Anandiyang'ana, anasiya zovala zake, anandigwira mkono nati, "Amayi, tiyeni ndikuperekezeni kwanu." Sanandisiye mpaka anandipereka m'manja mwa apongozi anga, agogo ako aja, ndipo bambo ako atabwera ananditengera kuchipatala.

Kumeneko ndi komwe ndinamva koyamba kuti zimenezi zili ndi dzina ndipo si ine ndekha. Anesi aja anandikhazika pansi n'kundimvetsera mpaka ndinatha mawu. Mankhwala sanamuphe Wabodza, usanamizidwe. Anangomuchepetsa mawu kuti ndizitha kumva anthu enieni akamalankhula. Anandiphunzitsanso chinthu chimene ndimachita mpaka lero: mtima ukati wakuti amandida, ndimadzifunsa kuti ndaona chiyani ndi maso, ndipo ndawonjezera chiyani ndekha. Nthawi zambiri chimene ndaona ndi chaching'ono, munthu sanandipatse moni basi. Zina zonse ndamanga ndine. Ndiye tamvera, Rozina, ndipo apa sindikupempha, ndikulamula. Tsiku limene udzamve mawu okuuza kuti dziko lingapepukidwe iwe utachoka, usadzagone nawo. Udzauze munthu tsiku lomwelo, mnzako wa m'chipinda, aphunzitsi, anesi a pakolejipo, aliyense. Udzapite kuchipatala osachita manyazi. Ndipo ngakhale usanafike pamenepo, ukangofika kumeneko ukafunse komwe amathandiza za maganizo, ukawauze zimene unandiuza m'mawa uno.

Ndikudziwanso kuti zina unaziphunzira kwa ine. Unakula ndi mayi amene m'mawa ankati ndiwe moyo wanga, madzulo n'kumati nawenso ukundida. Ndikukumbuka tsiku limene unabwera kuchokera kusukulu n'kupita kaye kwa agogo ako usanandipatse moni, ndipo ndinakhala osakulankhula mpaka mawa lake. Unali kamwana, unkangozungulira pakhomo la khitchini ukundiyang'ana m'maso. Unaphunzira kuwerenga nkhope za anthu usanaphunzire kuwerenga buku, ndipo mpaka pano umawerenga zimene sizinalembedwe. Pepa, mwanangu. Sindingathe kubweza zaka zimenezo, chimene ndingathe ndi kukuchenjeza.

Kumene ukupitako kuli anthu ambiri ndipo onse ndi otanganidwa ndi zawo. Ena adzaseka kalankhulidwe kako ka kuchigwa, adzakufunsa ngati n'zoona kuti kwanu mumagona panja chifukwa cha kutentha. Uwayankhe kuti inde, ndipo nyenyezi sitilipira. Mnzako adzadutsa osakuona chifukwa akuganiza za mayeso. Aphunzitsi adzakubwezera pepala lodzaza inki yofiira. Atsikana adzaleka kuseka iwe ukulowa m'chipinda, mwina chifukwa nthabwala yatha basi. Pa zonsezi Wabodza adzakhala ndi tanthauzo lokonzeka. Usamachite kanthu tsiku limene mtima watentha. Usafufute nambala, usalembe uthenga wautali, usalongedze chikwama. Udye, usambe, ugone, mawa ufunse munthuyo ndi pakamwa pako. Mwina adzakuuza kuti inde, wandilakwira, kapena inde, sindikufuna. Zimachitika, si onse adzakukonde, ndipo zimapweteka. Koma bola kupwetekedwa ndi zoona kusiyana ndi kutaya munthu chifukwa cha nkhani yopeka wekha.

Adzabweranso mnyamata, usandiyang'ane choncho, ndikudziwa adzabwera. Sabata yoyamba udzamuona ngati anatsika kumwamba. Ndiye tsiku lina foni yake idzathima, ndipo udzamuika m'manda ali moyo. Si mngelo, si satana, ndi mwana wa munthu amene batire lamuthera. Akakhala woipadi, wokumenya kapena wokunyoza, umusiye, ndipo ufunse anzako awiri kapena atatu kuti akuona bwanji, chifukwa matendawa amathanso kukumatirira kwa munthu woipa poopa kutsala wekha. Maso ako okha usawakhulupirire pa nkhani zimenezi, monga ine sindikhulupirira anga.

Chinanso ndi chokhudza ine, ndipo chikundivuta kulemba. Mawa minibasi ikangokhota, Wabodza ayamba nane. Anena kuti ukuthawa ine, kuti sukulu ndi chonamizira. Ayamba kale, kunena zoona, kuyambira tsiku limene dzina lako linatuluka. Idzafika nthawi imene ndidzakuimbira n'kunena kuti wandiiwala, kuti ndinakuvutikira pachabe, mwinanso kuti ubwere msanga ndikufa. Ukadzamva zimenezo usadzakwere minibasi. Udzaimbire bambo ako kapena a Marita kuti adzandione ndi kundifunsa ngati ndikumwa mankhwala, iwe udzalowe m'kalasi. Mayi ako enieni ndi amene akulemba kalata ino, mutu uli bwino, masana dzuwa likuswa mtengo. Amenewa akuti pita, ukaphunzire, usabwerere chifukwa cha ine. Pepala ili ulisunge kuti udzandiwerengere pafoni ndikadzayamba zanga.

Inde, a Marita omwewo. Anthu amadabwa kuti amalowa m'nyumba muno. Ndi iwo amene anakulola kusewera ndi Eliza pamene mudzi wonse unkati mwana wa mayi wouma mtima uja asafike pakhomo pawo. Inu awiri mukamadutsa pabwalo mutagwirana manja kupita kusukulu, ndinkabisala kukhitchini n'kumalira, ndikuti Mulungu wandipatsa mwayi wina kudzera mwa ana. Ndiye lero ndaona mwana wa Juwana ataima pakhomo lomwe lija, akunena odi yemwe uja, ndipo mwana wanga ali pamphasa m'kati atatseka pakamwa. Pakamwa pamenepo ndinayamba kupatseka ndine, ndi dzanja langa.

Sindikudziwa chifukwa chimene Eliza sanayankhire uthenga wako. Sindinamufunse, kufunsako ndi kwako. Mwina analibe mayunitsi. Mwina kaduka kalipodi pang'ono, nanga si munthu, munalembera limodzi mayeso ndipo iye akutsala kuno kukagulitsa tomato pamsika. Mwina anawerenga n'kulira, n'kusowa mawu oti alembe, ndiye anati ndipite ndekha ndi miyendo. Chimene ndaona ndi maso ndi chimodzi: munthu amene watopa nawe sayenda padzuwa la kuno kudzaima pakhomo pako.

Utachoka ndinakwera pampando n'kutsitsa mbale ija paphaso. Inali yakuda ndi mwaye, akangaude atamangamo nyumba. Ndaitsuka ndi phulusa, maluwa ofiira aja akuonekabe, ngakhale m'mphepete mwachita dzimbiri. Ndathiramo masau ouma a mumtengo wathu, ndawasankha limodzilimodzi, mulibe lofumbwa. Ili pansi pa kalatayi.

Ukamaliza kuwerenga usandifunefune kukhitchini, usayambe kulongedza. Unyamule mbaleyo upite kuseri kwa mjigo dzuwa lisanalowe. Ukaime pakhomo unene odi. Akakhala chete, unenenso, ndipo ukhale pakhonde mpaka atuluke. Ukamuuze kuti unali m'nyumba m'mawa uja, usaname. Mbaleyo ukamusiyire, ndi ya mayi ake, ndipo ukamuuze kuti ikadzabwerera kwa iwe ndi chilichonse, ngakhale yopanda kanthu, udzailandira ndi manja awiri.

Ine ndimapita kumanda kuja chaka chilichonse kukalambula, ndipo ndikafika ndimati odi, shamwali. Sayankha. Eliza ali moyo, Rozina, ndipo kwawo ndi pafupi. Vala masilipasi akowo.

Ndine mayi ako.